Ram 2500 yotchuna ikusilipa mu giya 6: line pressure ya 68RFE ikwezedwe kufika pa 225 psi?

Kambuzi_67 walemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mumaidziwa bwino giyabokosi ya 68RFE. Galimoto ndi Ram 2500 ya 2014, injini Cummins 6.7, 4x4, difu ya 3.42, matayala a mainchesi 35. Ili kuno ku Indiana, yayenda mamailosi 140,000, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukoka thirela yolemera pafupifupi matani 5. Injini inatchunidwa, ndipo wotchunayo akuti torque yafika cha m'ma 1,000 lb-ft kuchoka pa 800 ya kufakitale. Giyabokosi sinatsegulidwepo, valve body (chigawo cha mavalavu ogawa oyilo ku makilachi) ndi yomwe inabwera nayo, koma tchuni ya TCM (kompyuta ya giyabokosi) inakweza line pressure (pulesha ya oyilo yofinyira makilachi) kufika pa 170 psi.

Vuto ndi ili. Oyilo akatentha, galimoto ili mu giya 6 pachitunda, ndikamaonjezera moto pang'onopang'ono marevu amakwera ndi 100 kapena 150 liwiro osasintha, kenako imagwiranso. M'mawa oyilo asanatenthe sizichitika. Mu giya 4 sizichitika ngakhale katundu alemere bwanji. Nyali ya injini sinayake.

Wotchuna uja akuti anditumizira fayilo ina ya 225 psi ndipo vutoli litha. Kodi valve body yosasinthidwa ingapirire pulesha imeneyi? Ndipo ndingadziwe bwanji ngati chikusilipa ndi konveta (torque converter, yolumikiza injini ndi giyabokosi) kapena makilachi a m'kati, ndisanawononge ndalama?

Sipanala13 wayankha:

A Kambuzi, fayilo ya 225 ija idikire kaye. Nambala imene wotchuna amalemba mu kompyuta ndi pempho chabe. Kompyuta imapempha, koma amene amapereka pulesha ndi pampu, ndipo pakati pa pampu ndi kilachi pali malo ambiri pomwe oyilo angathawire. Musanakambe zokweza pempholo, dziwani ngati 170 imene mwapempha kale ikufika.

Mmene 68RFE imayendetsera pulesha ndi motere. TCM imaona torque imene injini ikunena kuti ikutulutsa, giya imene muli, ndi liwiro la shafuti yolowa ndi yotuluka, n'kuwerengera pulesha imene ikufuna. Imeneyo pa sikana (kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto) imalembedwa desired line pressure. Kenako imalamula solenoid ya pulesha imene ili pa solenoid pack, ndipo solenoid imeneyi imakankha valavu ya regulator yomwe ili mu pampu. Kumbali yamanja kwa giyabokosi kuli sensa imene imabweza uthenga wa pulesha yomwe ilipodi, actual line pressure. Solenoid ija ntchito yake ndi yotsitsa pulesha: duty cycle (gawo la nthawi imene solenoid ili ndi magetsi) ikakhala yaikulu pulesha imatsika, ikakhala yaing'ono pulesha imakwera, ndipo magetsi akazimiratu pulesha imakwera kufika pamwamba penipeni. Ichi muchisunge, chifukwa ndi chimene chidzakuuzeni ngati pampu yatha mphamvu.

Tsopano chifukwa chake ndi giya 6 osati giya 4. Bokosi ili lili ndi makilachi asanu ndi imodzi, ndipo giya iliyonse imagwiritsa awiri. Giya 1 imagwiritsa makilachi otchedwa UD (underdrive) ndi L/R (low/reverse), giya 2 ndi UD ndi 2C, giya 3 ndi UD ndi 4C. Giya 4, imene ndi 1.00, ndi UD ndi OD (overdrive) pamodzi. Giya 5, ya 0.82, ndi OD ndi 2C. Giya 6, ya 0.63, ndi OD ndi 4C. Mu giya 4 makilachi awiri olowetsa mphamvu amagawana katundu. Mu 5 ndi 6, UD imachoka, ndipo torque yonse ya injini imadutsa pa OD yokha. OD ya kufakitale ndi timbale topyapyala tokhala ndi chikopa mbali imodzi, tilibe chitsulo chokwanira kumeza kutentha. N'chifukwa chake pa mabokosi amenewa OD ndiyo imayamba kupsa.

Kuyeza kwake sikufuna kutsegula chilichonse. Pezani sikana yokhoza kujambula live data ya giyabokosi, muikepo izi: marevu a injini, input speed (liwiro la shafuti yolowa), output speed (la shafuti yotuluka), desired line pressure, actual line pressure, duty cycle ya solenoid ya pulesha, kutentha kwa oyilo, ndi giya. Wina ayendetse, inu muziyang'ana. Oyilo afike madigiri 80 a Celsius kapena kuposa, mupite pachitunda chomwe imachitira zimenezi, ndi thirela yomweyo.

Kusiyanitsa konveta ndi OD n'kosavuta. Konveta ikakhala pa lockup yonse, kutanthauza kuti kilachi yake yagwiriratu, marevu a injini ndi input speed zimafanana, kusiyana kwake kumakhala pafupi ndi ziro. Injini ikakwera input speed n'kutsalira, ikusilipa ndi kilachi ya konveta, ndipo khodi yake ikadzabwera idzakhala P0740. Koma injini ndi input speed zikakwerera limodzi output speed osasuntha, vuto lili m'kati. Gawani input ndi output: mu giya 6 yankho lizikhala pafupi ndi 0.63 nthawi zonse. Input ikakhala 1,400, output izikhala cha m'ma 2,230. Yankho likamapita ku 0.66 kapena 0.68, kilachi ikuterereka, ndipo ikapitirira mudzaona P0729 ya giya 6 kapena P0735 ya giya 5.

Yesaninso mu giya 5 ndi giya 3 ndi katundu yemweyo. Ikasilipa mu 5 ndi 6 koma osati mu 3, ndi OD. Ikasilipa mu 6 ndi mu 3 koma osati mu 5, kayikirani 4C.

Chomaliza, musakhulupirire sensa yokha. Pali adaputala imene imalowa pamalo pa sensa ya line pressure, sensayo n'kubwerera pamwamba pake, ndipo mumalumikizapo geji ya 300 psi. Geji ndi sikana zikasiyana kupitirira 10 psi, sensa kapena mawaya ake ali ndi vuto. Muonenso ngati mwini wakale sanaike kachipangizo pakati pa sensa ndi pulagi yake. Tizipangizo timeneti timanamiza TCM kuti pulesha ndi yochepa kuti iyo ikweze, ndiye actual ya pa sikana imakhala yabodza. Werenganinso makhodi onse, ngakhale osungidwa omwe sanayatse nyali, ndi manambala a CVI (muyeso wa oyilo wodzaza kilachi) a kilachi iliyonse, mutibweretsere.

Mayi_Makaniko wayankha:

Ndikugwirizana ndi a Sipanala pa zoyeza. Ine ndiyankhe funso la valve body, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri akutayira mabokosi abwinobwino.

Kufakitale 68RFE ya zaka zimenezi imathera cha pa 160 psi. Otchuna osamala amaima pa 170 kapena 180 ngati valve body ndi pampu sizinakhudzidwe. Kuti 200 kapena 225 ifike ndi kukhazikika pamafunika separator plate ina yokhala ndi magasiketi, mavalavu osadontha, ndi pampu yolimba. Mukapempha 225 pa zida za kufakitale, TCM imatsitsa duty cycle mpaka pansi, pulesha osafika, kenako imalemba P0868, kutanthauza line pressure yochepa, nthawi zina n'kukugwetserani mu limp mode (kudzitsekera mu giya imodzi podziteteza), yomwe pa bokosi ili ndi giya 4. Izo n'zochepa. Choopsa ndi pamene pulesha yakweradi pa valve body yotha.

Mu valve body muli valavu yotchedwa solenoid switch valve, amisiri amangoti SSV. Ili ndi timapulagi timene timayenda mu bowo la aluminiyamu, ndipo bowolo limadyeka ndi nthawi. Likadyeka, oyilo amadumphira mu njira ya OD pa nthawi imene OD iyenera kukhala yomasuka, monga mu giya 1, 2 ndi 3. Pulesha yodumphirayo siyokwanira kugwiritsa kilachi, koma ndi yokwanira kuikhudzitsa, ndiye timbale timakhulana ulendo wonse wa m'tauni. Switch ya pulesha ya OD ikaona oyilo pa nthawi yolakwika imalemba P0871. Tsopano ganizani: mukakweza line pressure, kudumphira kuja kumakulanso. Mukuganiza kuti mukuteteza OD mu giya 6, pamene mukuiotcha mu giya 2. Zili ngati paipi ya m'dimba yobooka. Kutsegula mpope kwambiri kumangokulitsa pobookapo.

Malo achiwiri ndi mbale imene imatseka ma accumulator m'mbali mwa valve body. Ndi yopyapyala, imapindika, tizomangira take timamasuka kapena kuthyoka, ndipo pisitoni ya accumulator ikatuluka pang'ono kilachi yake imataya pulesha. Pulesha ikakwera mbaleyi imavutika kwambiri. Aliyense wotsegula valve body ya RFE aikepo mbale yokhuthala ndi mankhwala omatira zomangira. Malo achitatu ndi pakati pa zigawo ziwiri za valve body: zikapindika pang'ono, njira zoyandikana zimapatsirana oyilo. Zigawozo zimafunika kuyezedwa ndi chitsulo choongoka ndi kupalidwa kuti zikhale zosalala, ndipo mabowo a mavalavu ayezedwe ndi vacuum, osati ndi maso.

Koma musanafike kumeneko, tsitsani sampu. Bokosi ili lili ndi mafyuluta awiri: yaphwatalala imene pampu imayamwira, ndi yozungulira yomangira ngati ya oyilo wa injini, imene imasefa oyilo wochokera ku kula (cooler, choziziritsira oyilo). Yaphwatalala ili ndi silo imene imayenera kukhomeredwa kaye mu bowo la pampu mpaka itakhala bwino, kenako khosi la fyuluta n'kulowa. Ena amaveka siloyo pa khosi la fyuluta n'kukankhira zonse pamodzi, kapena amasiya yakale m'bowo n'kuonjezera yatsopano. Pampu imayamba kuyamwa mpweya, pulesha imavinavina, ndipo mumapeza P0868 kapena P0944. Yozungulira ija ili ndi kolumikizira ka pulasitiki kamene kamang'aluka mukamanga mopitirira. Kalipo kachitsulo kolowa m'malo mwake, n'kotchipa.

Oyilo ndi ATF+4 basi. Kutsitsa sampu kumatulutsa malita pafupifupi 6, pamene bokosi lonse ndi konveta ndi kula zimasunga pafupifupi 16. Mabawuti a sampu ndi 12 Nm. Levulo muyeze injini ikulira, pamalo athyathyathya, oyilo atatentha cha pa madigiri 80, mutadutsitsa ndodo m'magiya onse. Oyilo wochepa amayamwitsa mpweya, wochuluka amapunthidwa ndi magiya n'kuchita thovu, ndipo zonse ziwiri zimagwetsa pulesha.

Pansi pa sampu padzakuuzani zambiri. Phala lotuwa losalala pa maginito si lodetsa nkhawa. Tizidutswa takuda tonga makala, ndi oyilo wonunkha chopserera, ndi chikopa cha kilachi chimene chachoka pa timbale. Chikachoka sichibwerera, pulesha ikwere motani.

Chitedze wayankha:

Mayi, zonse mwanenazo n'zoona, koma ndisamve ngati tikuuza a Kambuzi kuti pulesha yokwera ndi yoipa. Pa torque imeneyo 170 ndi yochepa, ndipo masamu ake ndi apoyera.

Torque imene kilachi ingagwire imadalira zinthu zinayi: mphamvu yofinyira timbale, kuchuluka kwa malo okhulana, kukula kwa timbale, ndi kugwira kwa chikopa chake. Mphamvu yofinyira ndi pulesha kuchulukitsa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoni, kuchotsapo kukankha kwa masipuling'i obwezera. Zinazo zikapanda kusintha, kugwira kumakwera pafupifupi mofanana ndi pulesha. Kuchoka pa 160 kufika pa 170 mwaonjezera 6 peresenti. Kufika pa 180 ndi 12.5. Kufika pa 200 ndi 25, ndipo 225 ndi 40. Injini yachoka pa 800 kufika pa 1,000 lb-ft, kumene ndi kuonjezera 25 peresenti. Ndiye injini yakwera ndi 25, kilachi ndi 6. Kampata kamene fakitale inasiya kadyedwa, ndipo oyilo akatentha n'kupyapyala, kudontha kumachuluka, kotsalako n'kutheratu. N'chifukwa chake m'mawa imagwira, masana n'kusiya. Kumbukiraninso kuti bokosi lomweli linayamba mu 2007 kumbuyo kwa injini ya 650 lb-ft.

Chachiwiri chimene sichinatchulidwe ndi uthenga wa torque. TCM ilibe sensa ya torque, imakhulupirira nambala imene kompyuta ya injini ikuiuza. Tchuni zina, makamaka timabokosi tolumikiza pa sensa ya rail kapena ya boost, zimaonjezera mafuta koma nambala yonenedwa imakhala ya kufakitale. Injini ikutulutsa 950, TCM ikuganiza 700, n'kupempha pulesha ya 700. Denga la 170 kapena 225 lilibe ntchito ngati pa theka la moto TCM ikupempha 120. Pa log yanu muyang'ane desired pa nthawi yeniyeni imene ikusilipa. Ngati ili kutali ndi denga, vuto loyamba lili mu tchuni, ndipo wotchuna akonze tebulo la torque kuti lizinena zoona.

Chachitatu ndi matayala. Tayala la mainchesi 35 limayenda mamita pafupifupi 2.8 likazungulira kamodzi. Pa 100 km/h limazungulira pafupifupi ka 600 pa mphindi. Chulukitsani ndi 3.42 ndi 0.63, mupeza injini ili cha pa marevu 1,290. Mu giya 5 ndi cha pa 1,680, mu giya 4 cha pa 2,050. Pa 1,300 pampu ikuzungulira pang'onopang'ono, oyilo amene ikutulutsa ndi ochepa, injini ikugunda mwamphamvu pa kuphulika kulikonse, ndipo OD ili yokha. Palibe malo oipa kuposa amenewa pa bokosi ili. Kukoka matani 5 mu giya 6 ndi difu imeneyo ndi matayala amenewo n'kulakwa ngakhale pa galimoto yosatchuna. Yatsani Tow/Haul, ndipo ndi kabatani ka + ndi - ka pa ndodo ya giya tsekerani pa 5, pachitunda pa 4. Ngati matayalawo akhalitsa, difu ya 4.10 ndiyo imabwezera marevu pamalo pake, ndipo pa 4x4 muyenera kusintha ya kutsogolo ndi ya kumbuyo yomwe.

Amene anazolowera 48RE ya ma 5.9 a 2003 mpaka 2007 asasokonezeke. Pa ijayi line pressure inkakwezedwa ndi sikuluwu ya pa valve body, kuzunguliza kamodzi n'kusintha pafupifupi 1.7 psi. Pa 68RFE palibe sikuluwu yoteroyo. Mutalimbitsa sipuling'i ya regulator osakhudza kompyuta, TCM ikaona pulesha yapitirira imene yapempha imangoitsitsanso ndi solenoid.

Kambuzi_67 walemba:

Zikomo nonse. Nazi zimene zatuluka. Palibe kachipangizo pa sensa, ndipo geji ndi sikana zikusiyana ndi 3 kapena 4 psi basi. Oyilo ali pa madigiri 50, moto wambiri, desired 170, actual 167. Ali pa madigiri 90, giya 6, marevu 1,400, desired 170, actual imatsika kufika pa 140, duty cycle ili pansi penipeni. Ndikatsitsira mu giya 4 marevu n'kupitirira 2,000, actual imabwerera pa 165. Injini ndi input speed zikuyendera limodzi. Ikamasilipa, input kugawa ndi output ikufika 0.67. Mu giya 5 imachitanso koma pang'ono, mu giya 3 ayi. Pali P0871 yosungidwa. CVI ya OD ndi 24, zinazo zili pakatikati. Oyilo ndi wofiirira, akununkha, ndipo mu sampu muli tizidutswa takuda.

Sipanala13 wayankha:

Manambalawa ayankha okha, achimwene. Konveta ikugwira. Chikusilipa ndi OD, ndipo tchuni ikupempha denga lonse pa nthawi yoyenera, ndiye nkhawa ya a Chitedze ya uthenga wa torque pano palibe. Koma bokosi likulephera kupereka 170 ndi 30 psi yathunthu, solenoid itatsegula kale zonse zimene ingathe. Fayilo ya 225 ikanangosintha nambala ya desired. Actual ikanakhalabe pa 140 pomwepo.

Kuti pulesha imagwa oyilo akatentha ndi marevu akatsika, n'kubwerera marevu akakwera, zikutanthauza kuti oyilo amene akuthawa akuchuluka kuposa amene pampu ikutulutsa pa liwiro lochepa. Pampu ya RFE ili ndi giya imodzi pakati yoyendetsa ziwiri m'mbali. Pa marevu ochepa zonse ziwiri zimadyetsa line, marevu akakwera mbali imodzi imangobweza oyilo. Magiya amenewa akadya thupi la pampu, kapena bowo la valavu ya regulator likakula, chizindikiro chake ndi chimenechi. P0871 ikuonjezera kuti SSV nayo yatha. N'kutheka kuti zonse ziwiri zikudontha, ndipo pa mamailosi amenewo sizodabwitsa.

CVI ija ikufuna kuimvetsa bwino. Ndi muyeso wa oyilo amene amafunika kudzaza pisitoni ya kilachi mpaka timbale titakhudzana. Ya OD imayenera kukhala pakati pa 30 ndi 100. Ambiri amadziwa kuti nambala ikakwera ndiye kuti chikopa chadyeka ndipo pisitoni ikuyenda mtunda wautali. Koma ikatsika pansi pa malire si kuti kilachi ndi yatsopano. Timbale topyapyala tikatentha timapindika ngati mbale yodyera, mpata umatha, pisitoni imakumana nato msanga. Kudontha kwa SSV nakonso kumadzaziratu njira ya OD, nambala n'kuoneka yaing'ono. 24 pamodzi ndi makala mu sampu ndiye kuti OD yapsa.

Valve body yatsopano payokha siipulumutsa pano. Bokosi litsike. Podikira, bwezerani injini pa tchuni ya kufakitale, musakoke thirela, ndipo muzitsekera pa giya 4 pakakhala chitunda. Mukapitiriza, zinyalala zija zidzadzaza konveta, kula ndi solenoid pack, ndipo ng'oma imene OD imakhalamo ikhoza kuwonongeka ndi kutentha.

Dizilo_Jubeki wayankha:

Mawu ochepa kwa amene akuwerenga ali ndi Ranger kapena Hilux, poti kumwera kwa Africa kuno ndi amene amatchunidwa kwambiri. Manambala a 170 ndi 225 ndi a 68RFE, musawatengere kwina. Ranger ya 3.2 ya 470 Nm ili ndi 6R80 ndipo imafuna oyilo wa Mercon LV. Hilux ya 2.8 GD-6 ili ndi bokosi la Aisin la magiya 6, oyilo wake ndi Toyota WS. Mapangidwe a mavalavu ndi ena, mapulesha ake ndi ena. Chimene chimagwira ntchito pa onsewa ndi mayeso aja: marevu a injini poyerekeza ndi input speed pa lockup, input kugawa ndi output poyerekeza ndi giya, kutentha kwa oyilo, komanso ngati torque imene injini ikunena kwa TCM ndi yoona. Timabokosi tolumikiza pa sensa ya rail tafala kwambiri pa magalimoto amenewa, ndipo timabisira giyabokosi torque monga anenera a Chitedze.

Mayi_Makaniko wayankha:

A Kambuzi, poti bokosi likutsika, nazi zoti mukambirane ndi wokonza, ndipo alembe pa pepala zimene aikemo.

OD isabwerere ya mtundu wa kufakitale ngati tchuni ikhalapo. Pali ma kit okhala ndi timbale tambiri kapena tokhuthala, ena amasintha ndi ng'oma yomwe. Mpata wa kilachi uyezedwe ndi dial indicator malinga ndi pepala la kit imeneyo, osati mongomva ndi chala: wochepa umakhulitsa timbale mu magiya a pansi, wochuluka umachedwetsa kugwira n'kubweretsa kulira kwa injini posintha kuchoka pa 3 kupita pa 4. UD, 2C ndi 4C ziyang'anidwe ngakhale CVI zake zili bwino, ndipo masilo onse a mapisitoni ndi mphete za pa shafuti yolowa zisinthidwe. Asanamange valve body, apope mpweya wa 30 psi mu njira ya kilachi iliyonse. Imveke ikugunda ndi kugwira popanda kufwefwera. Sprag ya L/R ndi malo ena ofooka pa galimoto yotchuna, ndipo bokosi lili pansi ndiyo nthawi yotchipa yoisinthira.

Pampu itsegulidwe, magiya ndi thupi lake ziyezedwe, mabowo a regulator ndi mavalavu a konveta ayezedwe ndi vacuum. Yodyeka isinthidwe kapena ibooledwe n'kuikidwa mavalavu aakulupo. Valve body ikonzedwe SSV, mbale ya ma accumulator, separator plate ya magasiketi ndi timipira tatsopano. Samalani pogula: oyambirira ali ndi solenoid pack ya pulagi yoyera ndi timipira 7, a chaka ngati chanu ali ndi pulagi yotuwa ndi timipira 5, ndipo a 2019 kupita m'tsogolo ndi osiyananso. Plate ya mtundu wina pa valve body ya mtundu wina imabweretsa makhodi tsiku lomwelo. Mabawuti omangira valve body ku thupi la bokosi ndi 12 Nm, ndipo amangidwe mosinthanasinthana kuti isapindike.

Konveta yakale isabwerere, chifukwa zinyalala za m'kati mwake sizitsukika popanda kuidula. Pa 1,000 lb-ft ndi thirela, tengani yokhala ndi timbale tingapo ta lockup ndi chivundikiro cholimba, ndipo flexplate muiyang'ane ming'alu mozungulira mabawuti. Exhaust brake nayo imadutsitsa mphamvu pa kilachi yomweyo potsika mtunda, ndiye imagwira ntchito mbali zonse ziwiri.

Pa pulesha, ine ndi a Chitedze tikusiyana pang'ono. Denga la 200 mpaka 225 pa bokosi lokonzedwa motere n'loyenera, koma likhale denga, lizifikiridwa torque ikakwera basi. Pali mafayilo amene amaika pulesha pamwamba nthawi zonse, ngakhale injini ikungolira pa roboti. Valavu ya regulator imadyetsa line poyamba, ndipo konveta, kula ndi njira zothirira oyilo pa mabushi ndi magiya zimalandira zotsala. Pa marevu ochepa mukaumiriza 225, zotsalazo zimachepa: oyilo amatentha, mabushi amauma, pampu imatha msanga, ndipo kulowa mu D kapena R kumakhala kogunda, komwe kumapweteka ma snap ring ndi shafuti. Wotchuna apange tebulo lokwera ndi torque, achepetse torque pa nthawi yosintha giya, aike malire a torque mu 5 ndi 6 pansi pa marevu 1,600, ndipo bokosi lizitsikira mu giya yapansi msanga moto ukaonjezeredwa.

Mukamanga, chitani Quick Learn ndi sikana: oyilo akhale pakati pa madigiri 16 ndi 93, phazi pa buleki, moto osaponda. Kenako muyende pa tchuni ya kufakitale, moto wochepa, magiya azikwera kuchoka pa 1 mpaka 6 ndi kutsika kambirimbiri, wopanda thirela, mpaka CVI zitakhazikika. Pamenepo mubwereze log ija oyilo atatentha. Actual izitsatira desired mosapitirira 10 psi pa marevu 1,400, ndipo duty cycle ikhale ndi mpata wotsala. Ikakhala pansi penipeni denga lisanafike, tsitsani denga, osati kulikweza.

Kula ndi mapaipi ake zitsukidwe ndi makina opopa oyilo wotentha mbali zonse ziwiri, ndipo ngati makala akutulukabe, kula isinthidwe. Galimoto za 2013 mpaka 2018 zili ndi thermal bypass pa mapaipi amenewa, imene imabweza oyilo osadutsa mu kula mpaka atatentha. Imeneyi imasunga zinyalala ndipo imatha kukanirira, choncho itsegulidwe n'kutsukidwa kapena isinthidwe. Pokoka, oyilo azikhala pakati pa madigiri 75 ndi 95. TCM imayamba ndondomeko yake yodziteteza ku kutentha cha pa madigiri 115, koma inu mukaona 105 ikukwerabe pachitunda, tsitsani giya kuti konveta ikhale pa lockup ndi pampu izungulire mwachangu. Mukayenda makilomita 1,000 oyamba, tsitsaninso sampu, sinthani mafyuluta onse awiri, ndipo muone ngati pa maginito pabweranso zakuda.